Amalume ndi Temberero la Farao

Amalume anga adayamba kuphunzira kuwerenga imvi zili kale mbuu kumutu. Lachiwiri ndi Lachisanu masana ankasamba, kuvala malaya awo apaulendo, ndi kupita ku sukulu ya kwacha imene inkasonkhana patsinde pa kachere, pafupi ndi bwalo la mfumu. Pobwerako ankayenda mwachifatse, nawerenga chilichonse chimene maso awo agwerapo: mawu a pa thumba la feteleza, dzina la pa botolo, ngakhale kapepala kotayika m'njira. Ndipo zimene awerengazo ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Munthu akafuna kutsutsana nawo ankangoti, "Zalembedwa," mlandu n'kuthera pomwepo.

M'mudzi mwathu iwo ndiwo anali mkulu wa adzukulu. Pakagwa zovuta ankatsogolera anzawo kwa mfumu kukapempha malo, ndipo khasu loyamba linkakhala lawo. Kumanda ankakudziwa ngati munda wawo: apa padagona uje, apo mlongo wake, pansi pa mtengo uwo mwana amene adapita chaka cha njala. Akufa sankawaopa, koma ankawachitira ulemu waukulu. Kumandako sankalola munthu kuthyola nkhuni kapena kulankhula mokweza.

Ine masiku amenewo ndinali mnyamata wongotsiriza kumene sukulu. Ntchito ndinalibe, koma kudzimva kokha kuti ndine wophunzira. Tsiku lina ndili ku tauni ndidagula buku lachingerezi kwa munthu woyala mabuku akale pansi. Linalibe chikuto, ndipo chiswe chinali chitalawako m'mphepete. Dzina lake linali pamwamba pa masamba: The Jewel of Seven Stars, ndiko kunena kuti mwala wa mtengo wapatali wa nyenyezi zisanu ndi ziwiri. Pambuyo pake ndidadziwa kuti amene adalilemba ndi Bram Stoker, munthu wa ku Ireland, ndi kuti lidasindikizidwa koyamba mu 1903.

Madzulo tikatha kudya ndinkayatsa koloboyi pakhonde pa amalume, kuwerenga tsamba limodzi chamumtima, kenaka ndi kulifotokoza m'chinenero chathu. Usiku woyamba tinalipo anayi. Pofika sabata yachiwiri khonde lidachepa, ena n'kumakhala pabwalo atafunda zitenje.

Nkhani yake ndi ya mkulu wina wolemera wa ku London, dzina lake Abel Trelawny, wokonda kufukula zinthu zakale za ku Egypt, dziko lija timaliwerenga m'Buku Lopatulika kuti Aigupto. Mkuluyo adalowa m'manda a mfumukazi yotchedwa Tera, natenga mtembo wake wouma kupita nawo kwawo. Pano ndifotokoze pang'ono, pakuti ena angadabwe kuti mtembo ungayende bwanji ulendo wotere. Anthu akale a ku Egypt sankafuna kuti thupi la wakufa liwole. Ankachotsa za m'mimba, kuumika thupilo ndi mchere wina wotchedwa natron, ndi kulikulunga m'nsalu zambirimbiri zabafuta. Mwambo wonse unkatenga masiku 70. Mtembo wotere Azungu amautcha mummy, ndipo umatha kukhala zaka zikwizikwi nkhope ikuonekabe. Yakobo ndi Yosefe adawakonza motero, monga tiwerenga kumapeto kwa Genesis.

Tsono m'bukumo, usiku wina Trelawny apezeka ali thapsa pansi m'chipinda chake, atakomoka, mkono uli magazi okhaokha. Aliyense wokhala m'chipindamo kumudwazika agwidwa ndi tulo tachilendo. Dzanja la mfumukaziyo lili ndi zala 7, ndipo amene adayesa kuliba adapezeka atafa, pakhosi pali zipsera za zala 7. Mwana wamkazi wa Trelawny, Margaret, adabadwa nthawi imene bambo wake anali m'mandamo, ndipo nkhope yake ndi ya Tera yeniyeni.

Ndikafika pa zala zija ana ankadzipanikiza kwa amayi awo, ndipo panalibe wofuna kupita kuseri yekha. Ine ndinkakondwa. Munthu ukaona kuti khonde lonse lili zii kumvera iwe, umayamba kuthira nsinjiro zimene m'buku mulibe.

Amalume okha ndiwo sankanjenjemera. Ankamvetsera ali duu, kabotolo ka fodya kali m'manja. Usiku wina adandidula mawu.

"Taima kaye, mphwanga. Mfumukaziyo inalibe eni ake?"

"Idafa kalekale, amalume. Papita zaka zikwizikwi."

"Sindikufunsa zaka. Ndikuti Mzunguyo polowa kumandako adapempha kwa yani? Adagwada pakhomo pa mfumu iti?"

Ndidasanthula masamba, koma yankho munalibe. Iwo adapukusa mutu nati, "Ndiye zimene zikumuonekerazo adaziputa yekha." Adanunkha fodya, kenaka adafunsa funso limene lidabala nkhani yonse ndikulembayi. "Kodi zimenezi zidachitikadi, kapena ndi nthano ngati za Kalulu?"

Ndikadangoti ndi nthano, bwenzi zonse zitathera pomwepo. Koma ndidafuna kuoneka wodziwa. Ndidati bukuli ndi lopeka, komabe zotere zidachitikadi, ndipo zidalembedwa m'nyuzipepala za maiko onse. Tsono ndidawasimbira zimene ndidawerenga kusukulu m'magazini ina yakale, za manda a Tutankhamun.

Chiyambi cha nkhaniyo n'choona ndithu. Tutankhamun anali Farao wa ku Egypt zaka zoposa 3,300 zapitazo. Adalowa ufumu ali mwana, namwalira ali ndi zaka ngati 19. Adamuika m'chigwa china chamiyala chotchedwa Chigwa cha Mafumu, kutsidya kwa mtsinje wa Nile poyang'anana ndi mzinda wa Luxor. Mngerezi wina, Howard Carter, adafunafuna manda amenewa zaka zingapo ndi ndalama za mkulu wolemera, Lord Carnarvon. Pa 4 Novembala 1922 antchito ake adapeza khwerero loyamba lotsikira pansi. Pa 26 Novembala Carter adaboola kabowo pa khoma lotseka pakhomo, nalowetsa kandulo, ndipo adaona makama, mipando, magaleta ndi zifanizo zitaunjikana, zambiri zokutidwa ndi golide. Miyezi 5 isanakwane, pa 5 Epulo 1923, Lord Carnarvon adamwalira ku Cairo.

Pamwamba pa zoonazi ndidaunjikapo zina zonse zimene magaziniyo idanena. Ndidati pakhomo pa mandawo padalembedwa temberero lolonjeza imfa kwa aliyense wosokoneza mfumu. Ndidati njoka ija imafutukula khosi ikakwiya, imene mafumu a ku Egypt ankavala chifanizo chake pamphumi, idameza kambalame koweta ka Carter. Ndidati pa ola limene Carnarvon ankatsirizika magetsi onse a mu Cairo adazima, ndipo galu wake kwawo ku England adalira, nagwa, nafa. Ndidati onse amene adalowa m'mandamo adatha mmodzimmodzi. Ndidatchulanso chimene chidamutenga mkuluyo: kachilonda kakang'ono ka patsaya, kamene kadatupa ndi kulowa m'magazi.

"Zalembedwa?" adafunsa amalume.

"Zalembedwa," ndidatero ine.

Patapita miyezi iwiri kudagwa maliro a mayi wina wachikulire. Linali dzinja, nthaka ili yofewa. Adzukulu atakumba kufika m'chiuno, khasu la amalume lidagunda mafupa. Anali manda akalekale, amene mtumbira wake udafafanizika iwo asanabadwe. Zotere zimachitika, ndipo adzukulu amadziwa chochita: adapepesa, nakwirira bwinobwino, nasunthira pambali. Koma potuluka m'dzenjemo amalume adaponda muzu wodulidwa chosongoka, ndipo udawabaya kuphazi. Adangomangapo kansanza, ntchito n'kupitirira.

Tsiku lachitatu phazi lidatupa. Pofika tsiku lachisanu kutupako kudakwera mpaka m'bondo, thupi lili moto, mwanabere atatuluka. Akazi awo adawadandaulira kuti apite kuchipatala, koma adakana kwamtuwagalu. Tsono adanditumizira mwana kudzandiitana.

"Amalume, tiyeni kuchipatala."

"Kukatani? Iwe wemwe udatiwerengera. Mzungu uja anali ndi ndalama zodzaza nkhokwe, madokotala ali pompo, koma kachilonda ka patsaya kadamutenga. Ine ndagunda mafupa a mwini wake ndi khasu langali. Jakisoni angachitenji? Ndisiyeni ndifere pakhomo."

Munthu amene kwa zaka makumi atatu adalowa ndi kutuluka m'manda osaopa kanthu, tsopano anali atagona pamphasa kudikira imfa chifukwa cha mawu a pakamwa panga. Ndidagwada pambali pa mphasayo, ndi kuwauza kuti zambiri zimene ndidanena zija ndinalibe nazo umboni. Adangotembenukira kukhoma.

Adzukulu anzawo ndiwo adathetsa nkhani. Adabwera anayi m'mamawa ndi machira, osafunsa zambiri. Mmodzi adati, "Akuluakulu, kunyamula tikunyamulani ndithu, pakuti ndiyo ntchito yathu. Koma lero tikunyamulani mukupuma, ndipo tilowera kumsewu." Kuchipatala adang'amba chotupacho, nachotsa mafinya, nayamba kuwabaya jakisoni. Chala chimodzi cha kuphazi chinali chitada kale, ndipo adachidula. Adagona kumeneko masabata atatu.

Ine ndinali mmodzi wa owadwazika. Masana, iwo akagona, ndinkapita ku nyumba yowerengeramo mabuku ya pa boma. Kunena zoona, manyazi ndiwo adanditumako. Kumeneko ndidapeza mabuku awiri ofotokoza ntchito ya Carter, osati nthano ayi, koma mbiri yokhala ndi maina ndi masiku. Madzulo ndinkakhala pambali pa bedi ndi kuwawerengera monga ndinkachitira pakhonde, koma tsopano popanda nsinjiro.

M'manda a Tutankhamun simudapezeke temberero lolembedwa, pakhomo kapena pena paliponse. Zinthu za m'mandamo zinali zoposa 5,000, ndipo Carter ndi anzake adatha zaka pafupifupi 10 akuzilemba m'kaundula chimodzichimodzi ndi kuzijambula. Mawu aja ndidawatchula pakhonde mokweza, ana n'kumanjenjemera, palibe pamene adalembedwa.

Lord Carnarvon anali wodwaladwala kuyambira kale. Adavulala koopsa pa ngozi ya galimoto ku Germany zaka zambiri m'mbuyomo, chifuwa chake chinali chofooka, ndipo chimene adayambira kupita ku Egypt chinali kuthawa chisanu cha kwawo. Udzudzu udamuluma patsaya. Pometa ndevu adadzicheka pomwepo ndi lumo. Balalo lidalowa tizilombo, magazi adaipa, kenaka chidabwera chibayo. Anali ndi zaka 56. Mankhwala a penisilini, amene amapha tizilombo totere, adatulukiridwa mu 1928, ndipo adayamba kufala m'zipatala m'zaka za m'ma 1940. Ndidawauza amalume kuti jakisoni amene namwino akuwabaya m'mawa uliwonse, mkulu uja ndi chuma chake chonse sakadamupeza paliponse pa dziko lapansi. Adayang'ana phazi lawo nthawi yaitali osanena kanthu.

Nanga aja ndidati adatha mmodzimmodzi? Carter mwini wake, amene adaboola khoma, natsegula mabokosi a maliro, nagwira mtembo wa mfumu ndi manja ake, adamwalira ku London mu 1939 ali ndi zaka 64. Dokotala Douglas Derry, amene adavundukula nsalu za mtembowo mu 1925, adafika mpaka 1961. Mwana wamkazi wa Carnarvon, Evelyn, amene adalowa m'mandamo pamodzi ndi bambo wake, adamwalira mu 1980 ali nkhalamba. Mu 1934 katswiri wina wa ku America, Herbert Winlock, atatopa ndi mphekesera, adachita kuwerenga: mwa anthu 26 amene analipo potsegula, amene anali atamwalira anali 6 okha, ndipo mwa 10 amene analipo povundukula mtembo panalibe ndi mmodzi yemwe. Inu owerenga, tengani akuluakulu 26 a m'mudzi mwanu, ena okalamba kale, mudzawawerenge pakapita zaka 10. Mukadzapeza 6 atatsikira kuli chete, kodi mudzati ndi Farao? Za magetsi, a mu Cairo ankazimazima kawirikawiri masiku amenewo. Za galu ndi kambalame zidayenda pakamwa, uyu kuuza uyu, ndipo kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tsono tembererolo lidachokera kuti? Mu Januwale 1923 Carnarvon adapangana ndi nyuzipepala ya The Times ya ku London kuti iyo yokha ndiyo izilandira nkhani za kumandako. Atolankhani ena onse, ngakhale a ku Egypt komweko, adatsala panja padzuwa chimanjamanja. Koma nyuzipepala sigona ndi njala. Ikamanidwa nkhani imaphika yake. Carnarvon atadwala, mayi wina wolemba nthano, Marie Corelli, adalemba kalata yochenjeza kuti olowa m'manda otsekedwa amalangidwa. Atamwalira, atolankhani adathamangira kwa Arthur Conan Doyle, mlembi wa nthano za Sherlock Holmes, amene ankakhulupirira kwambiri za mizimu, ndipo iye adati mwina ndi mzimu woipa wolondera manda. Basi moto udabuka, ndipo kuyambira pamenepo aliyense womwalira amene adapondako ku Luxor ankalembedwa pa mndandanda.

Taonani kuti onse awiriwa anali olemba nthano. Ichi ndicho chidandizizwitsa koposa: nthano ya temberero idabadwa manda a Tutankhamun asanapezeke n'komwe. Mu 1827 mtsikana wina wa ku England, Jane Webb, adalemba buku la mtembo wa Farao wodzuka ndi kuyenda. Mu 1869 Louisa May Alcott wa ku America adalemba za mnyamata amene adatentha mtembo wouma natengapo njere zina. Njerezo zidamera duwa lokongola limene lidaononga moyo wa mkazi wake. Mu 1892 Conan Doyle yemwe uja adalemba Lot No. 249, nthano ya wophunzira wa ku Oxford amene adagula mtembo wotere pa msika namautuma usiku kwa adani ake. Ndipo mu 1903 lidatuluka buku langa lija lopanda chikuto. Chotero Carnarvon atamwalira, anthu a ku England anali ndi nthano yokonzeka kale m'mutu, ngati malaya osokeratu ongodikira wovala. Pambuyo pake kudabwera kanema. Mu 1932 idatuluka filimu yotchedwa The Mummy, ndipo amene adalemba mawu ake, John Balderston, anali mtolankhani amene adalembapo za manda a Tutankhamun. Filimu ina ya dzina lomwelo idatuluka mu 1999, ndipo kapena ena a inu mudaionera m'kanyumba ka vidiyo pa msika.

Ndadzifunsa kawirikawiri chifukwa chake anthu amenewa ankakonda kudziopseza motero. Ine ndiganiza kuti mtima unkawatsutsa. M'zaka za m'ma 1800 mitembo ya ku Egypt inkagulidwa ndi kugulitsidwa ngati katundu wamba. M'ma 1830 dokotala wina wa ku London, Thomas Pettigrew, ankavundukula mitembo pamaso pa anthu olipira pakhomo, monga tilipirira ku mpira. Mitembo ina inkaperedwa kukhala ufa wa mankhwala, ina kukhala utoto wa ojambula zithunzi. Anali makolo a anthu amenewo, atate ndi amayi a eni ake. Munthu amene achita zotere masana, usiku akazima nyali sagona bwino. Funso lija la amalume, lakuti adapempha kwa yani, ndilo lili pansi pa mabuku onsewa, kungoti olembawo adaliveka nsalu zabafuta ndi kuliyendetsa mumdima.

Tsiku lina ndili mkati mowerenga maina a amene adafa ndi amene adatsala, amalume adatukula dzanja.

"Maina onsewa ndi a Azungu. Kodi khasu ankagwira ndi iwowo?"

"Iyayi, amalume. Ankakumba ndi anthu a komweko, amuna ambirimbiri, pamodzi ndi ana osenza dothi m'madengu. Kapitawo wawo wamkulu anali Ahmed Gerigar."

"Nanga iwowo adafa angati?"

Ndidafufuza m'mabuku onse awiri. Owerenga imfa aja sadawawerengeko n'komwe.

Amalume adaseka, kuseka kwawo koyamba chilowereni m'chipatala, mpaka wodwala wa pa bedi loyandikana adadzidzimuka. "Ndiye temberero lanji limenelo, lolumpha mwini khasu n'kukagwira woimirira pamthunzi? Kwathu kuno amene amasamba pochokera kumanda ndi mdzukulu, pakuti ndiye wakhudza dothi. Limenelo si temberero, mphwanga. Ndi nkhani ya Azungu okhaokha, yosimbirana pomwa tiyi."

Ine ndi sukulu yanga yonse funso limeneli silidandibwerere m'mutu. Patapita nthawi ndidawerenga kuti mu 2002 dokotala wina wa ku Australia, Mark Nelson, adabwerezanso kuwerengako m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal, napeza kuti kulowa m'mandamo sikudafupikitse moyo wa anthu. Koma nayenso adawerenga Azungu okha.

Sindikunena kuti ku Egypt kunalibe matemberero. Pa manda ena, makamaka a nduna ndi anthu olemera a nthawi yakale kwambiri, padalembedwa mawu oopseza kuti woononga manda adzakumana ndi ng'ona ndi njoka, kapena adzazengedwa mlandu pamaso pa mulungu wawo. Koma akuba sankaopa. Mapepala a milandu a m'nthawi ya Farao Ramesses IX, zaka zoposa 3,100 zapitazo, alipo mpaka lero. M'menemo mmisiri wina wa miyala, Amenpanufer, akuvomera kuti iye ndi anzake adaboola manda a mfumu Sobekemsaf, natenga golide, natentha mabokosi a maliro. Chimene chidamugwira sichinali mzukwa, koma akuluakulu a boma ndi ndodo zawo. Ngakhale manda a Tutankhamun adalowedwa ndi akuba kawiri, mfumuyo itangoikidwa kumene.

Chimene anthu akalewo ankachifuna koposa chinali china. Pa makoma a manda ambiri pali mawu opempha odutsa kuti aime pang'ono, atchule dzina la wogonayo, ndi kumufunira mkate ndi mowa. Kwa iwo imfa yoopsa koposa inali kuiwalika kwa dzina. Ndipo Tutankhamun izi zidamugweradi, pakuti mafumu obwera pambuyo pake adachotsa dzina lake pa mndandanda wa mafumu, chifukwa anali wa banja la Akhenaten, amene adasokoneza chipembedzo cha makolo. Lero dzina limene adafuna kulifafanizalo likudziwika kuposa maina a olifafanizawo. Chuma chake sichidagawidwe kwa Angerezi. Chidatsala ku Egypt, ndipo mu Novembala 2025 chidaonetsedwa pamodzi m'nyumba yatsopano yosungiramo zakale, Grand Egyptian Museum, pafupi ndi Giza.

Pa zonse zimene ndidawawerengera amalume, sichinali golide chimene chidawagwira mtima, ngakhale bokosi lamkati la mfumuyo ndi la golide yekhayekha, lolemera makilogalamu 110. Chinali chakuti m'chipinda china munali timabokosi tiwiri ta maliro, ndipo m'menemo munali ana awiri opita padera, okulungidwa bwino m'nsalu, amene akatswiri amati anali ana a mfumuyo. Ndiponso pa bokosi la mfumu wina adaikapo nkhata ya maluwa, ndipo Carter adaipeza ili pomwepo, itauma. Amalume adakhala chete. Kenaka adati, "Kwathu kuno ana otere amaika ndi amayi okha. Mnyamata ameneyu adaona zovuta. Ndiye anthu n'kumuyendetsa usiku ngati fisi?"

Mabuku oopsawa sindidaleke kuwawerenga, ndipo sindikuletsa munthu. Amakoma, monga zimakomera nthano za afiti ndi ndondocha pamoto usiku. Limene ndimalikonda koposa ndi kankhani ka Agatha Christie ka mu 1923, chaka chomwecho cha imfa ya Carnarvon. M'menemo ofukula manda akufa mmodzimmodzi, aliyense akuti ndi temberero, koma wofufuza milandu Hercule Poirot apeza kuti wakuphayo ndi dokotala wa gulu lomwelo, amene adabisala kuseri kwa mantha a anzake. Mayi ameneyu adaona msanga kuti temberero limapindulira amoyo.

Amalume atabwerera kumudzi, akutsimphina ndi ndodo, anthu a pakhonde adafuna kumva mathero a mfumukazi Tera. Amalume adalola, koma adati ndiyambe ndanena poyera kuti iyi ndi nthano. Tsono pamatheropo padali chodabwitsa chimene ndidachidziwa ku nyumba ya mabuku ija. M'buku loyamba la mu 1903, oyesa kudzutsa mfumukaziyo afa onse, kutsala wosimba nkhani yekha. Koma politulutsanso mu 1912 mathero adasinthidwa: palibe wakufa, ndipo nkhani ithera pa ukwati. Ndidawauza onse awiri. Amalume adati, "Buku limodzi, mathero awiri, ndipo onse alembedwa?" Kuyambira tsiku limenelo, munthu akawabweretsera pepala, ankaliwerenga mpaka pansi, kenaka n'kufunsa kuti, "Walemba ndani? Analipo?"

Mvula itatha adayamba kuyenda m'makomo mwa nkhalamba, kufunsa ngati pali wokumbukira amene adagona pa malo aja khasu lawo lidagunda. Adafunsa kwa mfumu, adafunsa kwa gogo wina wosaona wa kutsidya kwa dambo amene ankadziwa mibadwo ya mudzi wonse. Panalibe wokumbukira. Tsono adatenga thabwa, nalipala ndi kasemasema, nandipempha utoto wotsala wa pa chitseko. Ndidati ndiwalembere, koma adakana. Adakhala pakhonde masana onse, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu, ndipo madzulo adapempha kwa mfumu, napita kukalizika kumandako. Ndidawaperekeza nditanyamula khasu. Zilembo zake zinali zazikulu ndi zopendekera, N mmodzi atayang'ana chammbuyo, ndipo padalembedwa mawu awiri: PAGONA MUNTHU.